Mapaso a Nyumba ya Mtchona

Ine ndinabadwira ku Halale, m'komboni ya pamgodi, ndipo dziko la Malawi ndinaliponda koyamba ndili ntchembere kale. Bambo anga anali mtchona. Anachoka kumudzi kwawo, m'mapiri a ku Ntchisi cha kufupi ndi Malomo, ndevu zisanamere, atalonjeza amayi awo ndi mlongo wawo kuti akangogwira ntchito zaka ziwiri abwerako. Zaka ziwiri zija zinaswana mpaka kupitirira makumi anayi.

Zifukwa anali nazo, munthu salephera kupeza chifukwa. Poyamba inali ntchito, kenako ukwati ndi mayi anga, kenako ife ana. Pambuyo pake panadza mantha. Nthawi ya chipani chimodzi ija, tsiku lina ali pamowa anatsegula pakamwa mopitirira muyeso za olamula a kwawo, ndipo wina anawanong'oneza kuti dzina lawo lafika kale pabodala, akangoponda basi awatola. Kaya zinali zoona kaya munthuyo ankangowaopseza, sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti telegalamu ya maliro a amayi awo itafika, anaiwerenga, kuipinda, kuiika m'thumba la malaya, n'kupita kuntchito. Kumudzi sanapite.

Matipate atalowa, machona anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Apo n'kuti mayi anga atatisiya, mgodi utawapumitsa bambo, ndipo eni nyumba ya pakomboni akuifuna nyumba yawo. Tsiku lina bambo anangoti, "Mwananga, ine ndikufuna ndikafere kwathu." Analemba kalata kwa mlongo wawo, yankho zii. Analembanso yachiwiri, ziinso. Chiyembekezo chawo chinatsalira pa chinthu chimodzi: zaka zoyambirira zija, asanayambe kuiwala, anatumiza thandizo lomangira amayi awo nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, yamalata. Ngati nyumbayo inali chiimire, ndiye kuti pogona analipo. Koma pogona pokha si pamudzi. Munthu wamwamuna kwa Achewa kwawo ndi kwa alongo ake, ndipo mlongo akapanda kukulandira, ngakhale ukhale m'nyumba yagalasi umakhala mlendo mpaka kufa.

Ine chondimanga panalibe, ukwati wanga unali utatha kale. Ndinati nditsogole ndikakonze nyumbayo mvula isanagwe, iwo adzanditsatire. Ndinanyamula chikwama chimodzi ndi mtima wanga wapachala, umene anzanga a kukomboni ankati ndinatengera kwa bambo.

Ndinafika m'chilimwe, mapiri ali mbuu ndi fumbi komanso utsi wa lupsa. Kuchokera pa Malomo ndinakwera njinga, potsika ndikukwera, pokwera ndikuyenda pansi. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Anali kamayi kakang'ono, kouma ngati chikuni, kabotolo ka fodya wamphuno kali m'mfundo ya chitenje. Anandilandira mwa mwambo wonse, sindinganame: mkeka, madzi akumwa, moni wogwada, chakudya, malo ogona. Koma nditangotchula bambo, nkhope inasintha.

"Ine mlongo ndilibe," anatero. "Amene ndinali naye anamezedwa ndi sitima kalekale. Ngati wadzera nyumba, ndi iyo apo. Kiyi usandifunse, chitseko chake palibe."

Kalanga ine, nyumba ija! Makoma anali chiimire, inde, koma m'katimo munkagona mbuzi, ndipo pansi ponse panali ndowe zofika m'akakolo. Kuchipinda china ankasungirako fodya, fungo lake litalowa mpaka m'njerwa. Kuchipinda chimene ndinati chidzakhala chogona bambo kunali kutamera nsatsi, itatulukira pamene lata linasasuka. Mileme inali lendelende kudenga. Malata otsalawo ankagwiridwa ndi miyala, chifukwa mapaso, mitengo yonyamula denga ija, chiswe chinali chitadya n'kungosiya khungu. Ndinaima pakati pa nyumbayo n'kutukwana m'Chishona, kuti asandimve.

Mawa lake ndinavala buluku langa la ntchito n'kuyamba kukolopa ndowe ndi fosholo. Ha! Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Masiku amenewo lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku linali litangochotsedwa kumene, koma uthengawo unali usanakwere phiri. Azakhali anandiponyera chitenje ali patali, amvekere, "Matipate akowo ukavalire ku tauni. Kuno ndili ndi akamwini." Ndinamanga chitenje pamwamba pa buluku, ndikung'ung'udza. Amayi a m'mudzimo ankandipatsa moni kuti amve Chichewa changa chopotoka, akatero n'kumakagwa nacho chiphwete kuseri kwa nkhokwe. Wondigwirira fosholo panalibe. Sikuti anali anthu oipa, koma ankayang'ana nkhope ya azakhali, ndipo nkhopeyo inali isanalole.

Munthu woyamba kundilankhula ngati munthu anali bambo wina wa sitolo pa Malomo, Msilamu wa ndevu zaimvi, wosavula kofia. Ndinapitako kukagula misomali ndi laimu. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kumene ndachokera, ndipo nditafotokoza anagwedeza mutu nati nawonso amalume awo anatchona ku Joni osabwerako. "Achemwali, makalata a bambo anu azifikira pano, ine ndizikusungirani," anatero. Ndi iwonso anandilozera kalipentala wa m'mudzi woyandikana ndi wathu.

Kalipentalayo anabwera panjinga, sowo ndi hamala zili pakaliyala. Anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kugula. Anakwera pakhoma, kugogoda apa, kugogoda apo, natsika. Anati malata ambiri angathe kubwererapo, koma pakufunika mapaso anayi atsopano, owongoka. Anati pali bambo wina ali ndi munda wa bulugamu, koma wapita kukagulitsa fodya, tidikire masabata awiri kapena atatu.

Masabata atatu! Ine ndikuona mitambo ikuyamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Ntchisi masana alionse, kalata ya bambo ikuti akwera basi mwezi wamawa. Ndinamuuza kuti abwerenso mkuja, mitengo aipeza. Anandiyang'ana, osafunsa kuti ndiitenga kuti, nanenso sindinanene.

Mitengoyo ndinali nditaiona kale. Kumunsi kwa mudzi, kutsidya kwa kamtsinje, kunali kankhalango kobiriwira, kokhako m'dera lonselo. Kwina konse kunali minda ndi zitsa, koma apo mitengo inali njo, italiitali, ina yowongoka ngati yochita kuyeza. Tsiku lililonse ndinkaiyang'ana n'kumati, anthu awa ndi aulesi kapena akhungu? Amayi akuyenda mtunda wautali kukatola mapesi ophikira, nkhuni zili pamphuno pawo! Kufunsa ndiye sindinafunse. Ndikanafunsa yani, poti aliyense ankandiseka?

M'mawa mwake anthu atabalalikira kuminda kukapanga mizere, ndinasolola nkhwangwa ya azakhali pansi pa nkhokwe n'kutsetsereka. M'nkhalangomo munali mozizira, muli phee. Ndinaona timilu ta dothi apa ndi apo, mbale zakale zobooka, mapale a miphika. Ndinati kaya ndi zulu, kaya ndi kudzala kwa anthu akale. Musandiseke. Kumene ndinakulira, manda amakhala ndi mpanda, geti, miyala yolembedwa ndi manambala, ndipo mitengo amachita kudulamo kuti pakhale poyera. Ndinasankha mitengo inayi ya muwanga, imene chiswe sichiilimba mtima, n'kuigwetsa, n'kuisadza bwinobwino. Ndinkaimba ndi nyimbo yomwe, mayo ine.

Iwiri yoyamba ndinaikoka n'kukafika nayo panyumba popanda wondiona. Ulendo wachiwiri dzuwa linali pamutu, ndipo pokwera chitunda ndinakumana ndi amayi akuweruka kumunda. Ndinawapatsa moni mokweza, monyada, kuti aone kuti mkazi wa ku Halale sadikira mwamuna. Woyankha panalibe. Mayi wina anayang'ana mitengo, kuyang'ana kumene ndikuchokera, khasu n'kumupulumuka. Wina anagwira pakamwa. Kenako onse balala, aliyense kukokera ana ake m'nyumba. Kalipentala, amene anali atabwera msanga kudzaona khoma, anaima pakhonde, kumanga zida zake pakaliyala, n'kupalasa osatsazika.

Azakhali anafika akuthamanga, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akufulumira.

"Iwe, mitengo iyi wadula kuti?"

Ndinaloza.

Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, miyendo tambalale. "Mwana iwe, wandipha. Kuja ndi kumanda."

Pakamwa panga, monga mwa masiku onse, panathamanga kuposa nzeru. "Nanga bwanji simunaikepo chikwangwani?"

"Chikwangwani? Akufa athu tiziwalembera chikwangwani ngati sitolo? Pakamwa ponseponse uli napopa, unalephera kufunsa? Safunsa anadya phula, lero wadya ndiwe."

Anandifotokozera ali chikhalire pansi. Kumanda salowako munthu popanda chilolezo, ndipo mkazi yekhayekha ndiye ayi ndithu. Mtengo wa kumeneko sadula pokhapokha tsiku la maliro, odulanso ake ndi adzukulu, anthu okumba manda aja. Wopezeka kumeneko payekha anthu amati ndi mfiti. Tsono ine ndinali mlendo, wochokera kunja, ndipo manong'onong'o anali atayamba kale kuti mwana wa mtchona sangabwere chimanjamanja, wabwera ndi zitsamba za ku Halale. Lero ndinali nditawapatsa umboni, ndikuukoka ndekha masanasana.

Madzulo ake, dzuwa litapendeka, anthu anasonkhana pabwalo la azakhali. Ine anandikhazika pakati, mitengo inayi ija ili pambali panga. Wotsogolera nkhani anali mkulu wa adzukulu, nkhalamba ya dzino limodzi, ya maso oseka ngakhale pokamba zoopsa. Sanandikalipire. Anafunsa funso limodzi lokha, akuyang'ana gulu osati ine.

"Kodi mwanayu ndi wa yani?"

Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba kumvetsa kulemera kwa funso lotere. Kuno munthu sayankha mlandu yekha, amamuyankhira mwini wake. Ine mwa mwambo ndinali wa kwa mayi anga, ndipo kwa mayi anga kunali kutsidya kwa mabodala awiri. M'mudzi muno ndinali mwana wa kuchimuna, komanso mwana wa munthu amene mlongo wake anamukana pamaso pa onse. Pakanapanda wondivomera, mawa lake ndikananyamula chikwama. Ndipo ndikanapita ine, bambo akanafikira kwa yani? Ndinaganiza za nkhalamba ija ikulongedza katundu m'komboni, ikuuza anzake kuti mwana wanga akundikonzera nyumba kwathu. Ndinachita mantha amene sindinachitepo.

Azakhali anamasula mfundo ya chitenje, kutsira fodya pachikhatho, kukoka mphuno iyi, kukoka inayo. Anayetsemula. Anapukuta mphuno mosafulumira, ngati nkhaniyo ndi ya mudzi wina.

"Ndi wanga," anatero. "Chitsiruchi ndi changa. Ndi mwana wa alongo anga."

Mkulu uja anapendeketsa mutu. "Pepani mayi, makutu angawa akalamba. Si inu munkati mlongo mulibe?"

"Ndinkatero. Ndam'peza lero, wabwera ndi mlandu monga mwa khalidwe lake. Nenani zimene mukufuna, ndipereka ine."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunandipulumutsa. Anagamula kuti paperekedwe nkhuku yopepesera ndipo mitengo ibwerere kumene inachokera. Azakhali analowa m'khola n'kutulutsa thadzi lawo loikira, limene ankalinyadira kuposa zidzukulu. Ndinayesa kunena kuti ndikagula ina, koma anandidula. "Khala chete. Walankhula zokwanira chaka chino."

M'mawa mwake tinabweza mitengo ija, adzukulu atanyamula, ife tikutsatira pambuyo opanda nsapato, chilolezo chitaperekedwa. Ataigoneka pamene ndinaidula, azakhali anandigwira pamkono n'kundikokera m'kati pang'ono. Anaima pa kamulu kena kotitimira, kali ndi mbale yoyera yachitsulo yobooledwa pakati.

"Awa ndi agogo ako," anatero. "Dzulo wawadutsa ukuimba."

Ndinagwada. Iwo anakhalabe chiimire n'kuyamba kulankhula, osakweza mawu. Anati amayi awo anadwala miyezi isanu, wowatembenuza ndi kuwasambitsa ali iwo okha. Galimoto ikalira kumsewu, odwalawo ankadzutsa mutu n'kufunsa ngati ndi mwana wawo. Atamwalira, azakhali anachonderera anthu kuti asaike msanga, telegalamu yapita, mwini maliro ali m'njira. Anthu anadikira tsiku lathunthu kunja kukutentha, mtembo uli m'nyumba ija ndinkakolopamo ndowe. Bambo sanabwere. Ngakhale kalata ya pepani sinabwere.

"Anthu ankati nyumbayo tigwetse, monga timachitira mwini wake akapita," anatero. "Ine ndinakana. Ndinati anamanga ndi iye, adzagwetse yekha. Ndinalowetsamo mbuzi dala, kuti mtima uzikhala pansi ndikamaiona." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Iwe ndakuvomera chifukwa ulibe chifukwa, ndiwe wopusa chabe. Nyumbayo konza. Koma usadzinamize. Akadzafika, ine moni sindidzam'patsa."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawakwiyira bambo anga kuchokera pansi pa mtima, ndipo nthawi yomweyo ndinawamvera chisoni kuposa kale.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo mudzi unanditsegukira. Munthu amene wachita chopusa pagulu saopsanso. Amayi aja anayamba kunditcha mayi a nkhwangwa, ndipo ndikamadutsa pachitsime ankakuwa, "Bisani mipini, akubwera!" Ine ndinkabweza, iwo n'kumaseka, mpaka tinazolowerana. Mkamwini wa azakhali, mwamuna wa mwana wawo wamkulu, munthu wofatsa amene chifikire changa anali asanandilankhulepo, anabwera m'mawa wina ndi ngolo, muli mitengo isanu ndi umodzi ya bulugamu. Anali atakaidula kwawo, tsidya la phiri. Anaitsitsa, kuwomba m'manja, n'kubwerera. Kalipentala anatulukiranso, akuti tsiku lija anachoka mwadzidzidzi chifukwa anakumbukira kuti sanamangirire mbuzi. Ndinamuuza kuti mbuzi yakeyo iyenera kuti ndi yaliwiro, poti anapalasa osacheuka.

Denga linakwera m'masiku anayi. Malata akale anawawongola ndi hamala, mabowo a misomali n'kuwamata ndi phula. Makoma ndinapaka laimu ndekha, kawiri, mpaka fungo la fodya linagonja. Pansi ndinkafuna simenti, monga munthu wa m'tauni, koma amayi aja anandiseka nati simenti ndi ya anthu opanda manja. Anandiperekeza kudambo kukakumba mtsiro, dothi lakuda lozirira, tinasenza m'mabeseni mpaka khosi langa linauma. Anandiphunzitsa kuzira: kugwada, kupaka ndi chikhatho mozungulira, kubwerera cham'mbuyo kuti usaponde pamene wadutsa. Tsiku loyamba ndinadzitsekera pakona ngati mbewa, ndipo anandisiya pomwepo kanthawi kuti aseke bwino. Litauma tinalikulungiza ndi miyala yosalala ya kumtsinje mpaka pansi panayamba kunyezimira. Manja anga anang'ambika, koma sindinaonepo pansi pokongola chotero.

Ziwiya zinabwera chimodzichimodzi. Kalipentala anakhoma bedi, katebulo ndi mpando wandalema, uja wotsamira, chifukwa bambo msana unali utayamba kuwavuta. Matiresi ndinagula pa Malomo, anabwera atapindidwa panjinga, mudzi wonse ukuperekeza ndi maso. Bambo a sitolo aja atamva nkhani ya kumanda anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo, kenako analowa kuseri n'kutulutsa chitseko chakale cha mlombwa, cholemera, chimene anachotsa pokuza sitolo yawo. "Tengani. Munthu wobwera kuchokera kutali azitsegula chitseko chenicheni," anatero. Ndinayamba kukamba za mtengo wake, iwo n'kutembenukira kasitomala wina ngati sanamve. Akazi awo anawonjezapo nyale yagalasi. Mayi uja anagwetsa khasu pondiona anabweretsa mtsuko woumba yekha, wina mphasa, wina tsache.

Makatani ndiye anatipatsa ntchito. Masiku amenewo zipani zinkagawa nsalu pamisonkhano, ndipo mayi aliyense anali nazo za zipani zonse, poti msonkhano uliwonse ankapitako n'kuvina mofanana. Anandisonkhera nsalu zitatu za zipani zitatu, mawindo alinso atatu. Mkangano unabuka pa windo lakumaso, loyang'ana kunjira: papachikidwe nkhope ya yani? Amayi awiri anatsala pang'ono kukokana maduku m'nyumba yopanda mwini. Anatiweruza ndi telala wa pakhonde la sitolo ija. Anang'amba nsalu zonse zitatu m'timizere n'kuzilumikiza mosakaniza, moti katani lililonse linali ndi diso la uyu, khutu la uyo, chibwano cha winayo. "Tsopano boma likasintha simudzavutika kuchotsa," anatero.

Ndinene poyera, poti ambiri mwa anthu amenewa anapita ndisanawauze bwinobwino: ndimawathokoza. Ndinabwera ndi mwano, ndikudziona ngati wozindikira pakati pa anthu otsalira, ndinawalakwira pamalo opweteka kwambiri, iwo n'kundibwezera ngolo ya mitengo ndi mtsuko. M'nyumba imeneyo mulibe chinthu chimene ndingaloze n'kunena kuti ichi ndinachita ndekha. Ndikukhalamo mpaka lero, ndipo Chichewa chimene ankandiseka nacho chija anachiwongola ndi iwo omwo.

Mvula yoyamba inagwa nyumba itatha. Ndinayendera chipinda chilichonse ndi beseni m'manja, kufunafuna podontha, ndipo ndinapeza pamodzi pokha, pakona pa chipinda changa. Koma mtima sunakhazikike. Azakhali ankandidyetsa, kundituma, kundikalipira ngati mwana wawo, koma ndikangoti bambo alemba kuti afika Lachisanu, ankayamba nkhani ya mbewu.

Lachisanu lija ndinakawachingamira pa Malomo. Anatsika pa matola atavala suti yawo yakuda ya kutchalitchi ndi chipewa, ali ndi sutikesi imodzi yachitsulo. Anali atachepa thupi m'miyezi iwiri yokha. Njira yonse ndinkalongolola za denga, za mtsiro, za makatani, iwo akungoti, "Eya, eya," maso ali kumapiri. Anafunsa kamodzi kokha, "Nanga alongo anga akuti bwanji?" Ndinawauza zoona. Anabweza maso kumapiri.

Titafika pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi anauza apanjinga amene anatinyamula kuti aime. Anatsika, kuvula chipewa n'kundipatsa. Anawerama, kumasula nsapato, kuvula ndi masokosi omwe, n'kundipatsanso. Ine mtima unayamba kale kutentha. "Bambo, matope onsewa? Tiyeni mukaone kaye nyumba, mupume."

Sanandimve. Anawoloka, kuika manja onse awiri kumutu, n'kutsegula pakamwa.

"Amayi ine! Amayi anga ine! Mayo, amayi!"

Bambo anga ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi anga. Ndinachita manyazi, ndinafuna kuwagwira kuti asiye, koma wapanjinga mmodzi, bambo wachikulire, ananditchinga ndi dzanja. Anati ndiwasiye, umo ndi mmene amalowera m'mudzi munthu amene maliro anam'pita. Kaya papita mwezi kaya zaka makumi awiri, salowa ndi moni, amalowa ndi misozi.

Anakwera chitunda akulira, suti ikukwekwereza m'matope, mawu akusasa n'kubwereranso. Amayi anayamba kutuluka m'nyumba ndi m'minda, aliyense akafika pafupi n'kuyamba kulira nawo, mpaka linakhala gulu. Anadutsa pakhomo pa nyumba ija, laimu ali mbee, chitseko cha mlombwa nditachipaka mafuta, osaicheukira n'komwe. Zinandiwawa, ndisabise. Analunjika pabwalo la azakhali n'kudzigwetsa pansi chafufumimba.

Chitseko cha azakhali chinali chotseka. Bambo analira, gulu linalira, chitseko chili gwa. Kulira kunayamba kuchepa, amayi ena akuyang'anana. Ine ndinaima kumbuyo ndi chipewa ndi nsapato m'manja, ndikupemphera pemphero lopanda mawu. Bambo anatsala okha, mawu atawathera, akungosisima nkhope ili m'dothi.

Ndipo m'nyumba muja munatuluka mfuu, yakuthwa, yonga ya mtsikana.

"Amayi ine! Amayi, dzukani muone! Uja munkamufunsa uja wabwera!"

Chitseko chinatseguka. Azakhali anatuluka duku litagwa, akudzandira, n'kudzagwera pambali pa mlongo wawo. Anawamenya pamsana ndi zibakera zawo zazing'onozo, kawiri, katatu, kenako anawakumbatira khosi. Analira awiriwo nthawi yaitali, mudzi wonse uli chiimire.

Atatopa, azakhali anadzutsa nkhope ya bambo ndi manja awiri n'kuiyang'anitsitsa, ngati akufunafunamo mnyamata uja.

"Mwabwera, alongo?"

"Ndabwera."

"Mwachedwa."

"Ndachedwa."

Anatenga nsonga ya chitenje chawo n'kuyamba kuwapukuta matope kumaso.